Funsani Amisiri: Chitseko cha Ndalama cha Makina a Pinball, Tikonze Kapena Tigule China?

Funso

Zikomo amisiri. Ine ndimakhala ku Senga Bay m'boma la Salima, ndipo pakhomo panga pali makina a masewera a pinball amene alamu anga anabwera nawo kuchokera ku Johannesburg. Ndi opangidwa ndi kampani ya Williams, ndipo kapepala komatidwa kumbuyo kwake kakusonyeza chaka cha 1995. Makiyi a chitseko chakutsogolo, chija chili ndi timipata toponyeramo ndalama, anasowa pa nthawi ya msamuko. Ana a pakhomo atatopa n'kudikira anachikanula ndi sikuludiraiva mpaka chinatseguka, koma chinapindika pakona ya kumanja ndipo sichikutsekekanso. Kumunsi kwake kwayambanso dzimbiri. Makinawo akuyaka bwinobwino, koma mpira sukutuluka, timikono tomenyera mpira sitikusuntha, ndipo pasikirini pakubwera mawu a Chingerezi onena kuti chitseko ndi chotsegula. Mmisiri wina wowotcherera zitsulo ku Kamuzu Road wati angathe kundipangira chitseko cha lata lochindikala, poti ife sitiponyamo ndalama. Kodi ndivomere, kapena ndiyitanitse chitseko chatsopano kunja?

Wowerenga wa ku Senga Bay

Yankho

Bambo, chitseko cha lata musachivomere, ndipo musafulumire kuyitanitsa china kunja. Malinga ndi mmene mwafotokozera, makina anu sanafe, ndipo chitsekocho chingakonzedwe ndi zipangizo zimene zimapezeka pa boma la Salima pomwepo.

Ndiyambe ndi nkhani ya timikono, poti ndikudziwa kuti ndi imene yakudetsani nkhawa kwambiri. Makina a Williams a m'zaka zimenezo ali ndi switchi yoteteza munthu, imene inamangidwa chamkati m'mphepete mwa khomo la chitsekocho. Chitseko chikatsekeka chimakankha kamutu ka switchiyo, ndipo pamenepo magetsi a mavolti 50 amafika ku makoyilo amene amatulutsa mpira ndi kusuntha timikono, pomwe a mavolti 20 amafika ku mababu ong'anima. Chikangotseguka, magetsi awiriwa amadulidwa dala kuti munthu amene walowetsa dzanja mkati asavulale. Choncho makina anu akuchita zimene anawapangira. Kuti mutsimikize, tsekani chitsekocho n'kuchikanikiza mwamphamvu ndi dzanja. Mudzaona mawu aja akuchoka pasikirini, ndipo wina akayambitsa masewera timikono tidzamenya. Amisiri akamayesa makina chitseko chili chotsegula ali ndi njira yawo yogwirira kamutuko, koma imeneyi ndi ya nthawi ya ntchito yokha. Pakhomo pamene pali ana, switchi imeneyi isamangidwe ndi waya kapena kumatidwa ndi selotepi monga ena amachitira.

Chitseko chimenechi ntchito yake si kulandira ndalama kokha, ndipo n'chifukwa chake lata losalala silingalowe m'malo mwake. Mukachiyang'ana kuseri mudzapeza mabatani anayi ondandalikana. Awiri apakati ndi okwezera ndi kutsitsira mawu, lakumapeto kwina ndi lolowera m'gawo loyesera ndi kusinthira kagwiridwe ntchito ka makina, ndipo lakumapeto kwinako ndi lotulukira m'gawolo, komanso limapereka masewera aulere mukalidina pa nthawi wamba. Popanda mabatani amenewa simungadziwe switchi kapena koyilo imene yafa, ngakhale kuchepetsa phokoso usiku simungathe. Pachitseko pomwepo pali kachitsulo kopyapyala kokhala ndi kolemera kunsonga, kamene kamathetsa masewera munthu akamenya kapena kuponda chitseko mwaukali. Pali mababu owunikira timipata ta ndalama, pali waya wa ethi, ndipo mawaya onsewa amasonkhana m'pulagi imodzi imene imalowa m'kabolodi kakang'ono mkati mwa bokosi. Wowotcherera zitsulo, ngakhale akhale waluso chotani, ayenera kupezera malo chilichonse mwa zimenezi pa muyeso wake weniweni, ndipo ntchito imeneyo ndi yaikulu kuposa kuwongola chitseko chimene chilipo kale. Kumbukiraninso kuti kampani ya Williams inasiya kupanga makina a pinball m'chaka cha 1999, kotero chitseko chimene makinawo anabwera nacho ndi chinthu chofunika kuchisunga.

Musanagwire sipanala, zimitsani makina ndi kuzula pulagi kukhoma. Kenaka tengani foni mujambule kuseri kwa chitseko mbali zonse, moyandikira, kuti mtundu wa waya uliwonse ndi pamene walowa zioneke bwino. Zithunzi zimenezi zidzakuthandizani kwambiri pobwezera. Chotsani bokosi la ndalama, zulani pulagi ya chitseko pakabolodi kaja mogwira pulagiyo osati mawaya, ndipo masulani waya wa ethi. Chimango cha chitseko chinagwidwa ndi mabawuti a mitu yozungulira yosalala kunja, okhala ndi manati mkati. Ngati dzanja silikufika bwino pa manatiwo, sunthani kachitsulo kamene kali pamwamba pa khomo chamkati. Kamasula chitsulo chopingasa chimene chimatseka galasi, ndipo mutha kusolola galasilo ndi kutukula bwalo la masewera. Musanatukule bwalo chotsanimo mipira yonse, chifukwa imagwa n'kuswa zinthu, ndipo galasilo musaliyimike pa simenti popanda chogonera pansi, poti likagunda ndi kona limaphwanyika lonse nthawi imodzi.

Pamene chitseko chachoka, yang'anani thabwa la bokosi mozungulira khomo. Kunyanja kuno chinyontho cha dzinja ndi chiswe zimawononga mapulanga omatikiza ngati amenewa, ndipo mukapeza kuti bawuti akungozungulira m'bowo lake, thabwalo lafumbwa. Kalipentala alimbitse malowo poyamba, chifukwa chitseko chowongoka bwino chikamangidwa pathabwa lofumbwa chimapendekerabe.

Kuwongola kumafuna kudekha. Masulani zonse za pulasitiki, mabatani, mababu ndi zosankhira ndalama, kuti mutsale ndi chitsulo chokha. Chigonekeni pathabwa lalikulu losalala, ikani kachipika ka mtengo pamalo popindikapo, ndipo muzimenya kachipikako ndi nyundo pang'onopang'ono, osati chitsulo chenichenicho. Mukamenya kangapo, chilowetseni m'chimango chake muone ngati mpata wa m'mphepete ukufanana mbali zonse, kenaka mubwereze. Moto sukufunika pa ntchito imeneyi, chifukwa umapotoza chitsulo chopyapyala. Ngati hinjesi yathyoka kapena yang'ambika, pamenepo ndi pamene mmisiri wa ku Kamuzu Road angakuthandizeni, koma mumutengere chitseko chokhacho. Asawotcherere chili pamakina, chifukwa mphamvu ya makina ake ingaphe mabolodi a m'kati, ndipo thabwa lingapse.

Za dzimbiri sizovuta kwenikweni. Tizitsulo ting'onoting'ono monga manati ndi masikuluwu muviike mu viniga usiku wonse, m'mawa mutsuke ndi madzi, muumitse padzuwa. Chitseko chenichenicho mupale ndi bulashi ya waya ndi sandipepa mpaka chitsulo choyera chioneke, mupake penti wofiira woteteza dzimbiri mopyapyala, ndipo akauma mupopere penti wakuda kawiri kapena katatu, pang'onopang'ono. Ntchito yopenta muichite tsiku louma, osati kunja kuli mitambo ya mvula. Malo amene waya wa ethi amagwira muwasiye opanda penti, chifukwa penti amatchinga magetsi ndipo wayayo adzakhala ngati palibe.

Loko wake ndi wamba, wofanana ndi amene amaikidwa pa makabati a mu ofesi: kambulunga kolowa m'bowo, nati kuseri, ndi lilime lachitsulo limene limatembenuka ndi kiyi n'kukola chimango. Poti chitseko chanu chatseguka kale, ingomasulani sikuluwu ya lilime ndi nati, loko atuluka. Mupite naye ku sitolo ya zipangizo zomangira mukayerekeze. Bowo lake limakhala la mamilimita pafupifupi 19, koma chofunika kuchiyeza bwino ndi kutalika kwa kambulungako, chifukwa akatalika kwambiri chitseko chimagwedera ndipo switchi ija sikanikizika. Lilime lakale musalitaye. Muliwongole n'kuliika pa loko watsopano ngati likukwana, poti lilime lobwera ndi loko wa m'sitolo nthawi zambiri limakhala lalifupi kapena lopindika mosiyana. Kwa owerenga ena amene makiyi anatayika chitseko chikadali chokhoma, njira yake ndi kuboola pakati pa loko, pamene pamalowa kiyi, ndi makina oboolera, mpaka lilime litagwera mkati. Loko ndi wotsika mtengo, ndipo ndi bwino kuwononga iyeyo kusiyana ndi kukanula chitseko. Onaninso ngati pakambedza kuseri kwa chitseko pali kiyi wina, chifukwa eni makina amakonda kupachika pamenepo kiyi wa bokosi lakumwamba, lija lili ndi sikirini.

Pobwezera zinthu, yang'anitsitsani kachitsulo kopyapyala kaja kothetsa masewera chitseko chikamenyedwa. Pa makina a Williams mbali zake ziwiri siziyenera kukhudzana chitseko chili phee. Ana pokanula mwina anakapinda, ndipo kakamakhudzana pafupipafupi masewera azingothera panjira popanda chifukwa chooneka. Amene ali ndi makina a kampani ya Gottlieb a kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 adziwe kuti kwa iwo nkhani ndi yosiyana, chifukwa switchi yotereyi imakhala yolumikizana nthawi zonse, ndipo ikatseguka makina sayamba n'komwe. Mababu a pachitseko chanu ndi a mavolti 6.3, a nambala 555. Mababu ang'onoang'ono a galimoto amakwana m'malo mwake, koma poti ndi a mavolti 12 amangoyaka mozilala. Samalaninso kuti mawaya a mababuwa asapanidwe ndi hinjesi, chifukwa akasupuka n'kukhudza chitsulo amapsetsa fyuzi, magetsi ena owunikira bwalo n'kuzima nawo.

Mukamaliza, sinthani makina kuti asamafune ndalama. Dinani batani lolowera mpaka mndandanda utaoneka, pitani pa gawo lolembedwa kuti Adjustments, kenaka Pricing Adjustments, ndipo pa mzere wa Free Play, umene ndi nambala 17, sankhani YES. Zimene mwasankhazi zimasungidwa ndi mabatire atatu a AA amene ali pabolodi yaikulu m'bokosi lakumwamba. Akatha mphamvu, makina amaiwala nthawi iliyonse imene azimitsidwa kapena magetsi a ESCOM athima, n'kuyambanso kufuna ndalama, ndipo anthu ambiri amaganiza kuti chitseko chawonongekanso. Muziwasintha chaka ndi chaka, chifukwa kutentha kwa ku Salima kumachititsa mabatire kutuluka madzi msanga, ndipo madzi amenewo amadya bolodi.

Kugula china kumakhala koyenera pokhapokha ngati dzimbiri laboola chitsulo, chimango chapotoka moti sichikuwongokanso, kapena zambiri za kuseri zinasowa. Zitseko zatsopano zokwana makina a Williams a m'zaka za m'ma 1990 zimagulitsidwabe kunja, koma ndi zolemera, ndipo pamtengo wake muyenera kuwonjezerapo wotumizira ndi msonkho wa MRA. Mukafika pamenepo, muuze wogulitsa dzina la makina ndi chaka chake, muyeze khomo ndi mabowo a mabawuti, ndipo mufunse ngati chitsekocho chikubwera ndi mawaya. Chitseko cha makina a kampani ya Stern chingaoneke chofanana ndi chanu, koma kalumikizidwe ka mawaya ake ndi kena. Njira yosavuta ndi kusamutsira mawaya ndi mabatani a chitseko chakale pa chatsopanocho, ndiye musataye kanthu mpaka ntchito itatha.

Funso

Amisiri, ine ndi mayi wa ku Nkhotakota. Malemu bambo anga anatisiyira makina akale a pinball, amene amawerengera zigoli ndi timawilo tozungulira ndipo amalira ngati belu. Akugwira ntchito, koma adzukulu akakhudza chitseko cha ndalama alibe nsapato amati chikuwanjenjemeretsa. Kodi tisinthe chitsekocho?

Wowerenga wa ku Nkhotakota

Yankho

Mayi, chonde zulani pulagi ya makinawo lero lomwe, ndipo munthu asawayatsenso mpaka mmisiri wa magetsi atawaona. Kunjenjemera kumeneku si nkhani yaing'ono. Mwana wopanda nsapato pa simenti yonyowa, dzanja lili pachitsulo chimene chikudutsa magetsi, akhoza kufa.

Kusintha chitseko sikungathetse vutoli, chifukwa gwero lake ndi mawaya. Makina a mtundu umene mukunenawu, amene anali ofala mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, alibe kompyuta mkati. Amayenda ndi makoyilo, maswitchi ndi mota. Ena mwa iwo anapangidwa mwakuti magetsi amphamvu amafika pachitseko chenichenicho, pa switchi ya batani loyambitsira masewera kapena pa maswitchi a ndalama. Chimene chimalekanitsa magetsiwo ndi chitsulo chimene munthu amakhudza ndi kapepala kolimba kotuwa, koikidwa pakati pa switchi ndi chitsulocho. Patapita zaka zambiri kapepalako kamang'ambika, kamanyowa, kapena mphemvu zimakadya, ndipo magetsi amayamba kulowa m'chitseko. Chinanso n'chakuti ambiri mwa makina amenewa anabwera ndi nthambo ya mawaya awiri okha, yopanda ethi, kotero magetsi otayikawo alibe njira ina yopitira pansi kupatula thupi la munthu.

Mmisiriyo atsegule chitseko, makina ali ozula kukhoma, ndipo ayang'ane switchi iliyonse ngati kapepala kake kalipo ndipo n'kathunthu. Pamene kasowa aikepo chotchingira magetsi cholimba. Katoni wamba kapena selotepi sizikhalitsa. Aone mawaya amene amadutsa pafupi ndi hinjesi, chifukwa pamenepo amapindika nthawi iliyonse chitseko chikatseguka, ndipo nsalu kapena pulasitiki yake imatha. Kenaka achotse nthambo yakaleyo aike ya mawaya atatu ndi pulagi ya mano atatu, ndipo waya wa ethi aulumikize ku chitsulo cha thiransifoma, kuchoka pamenepo ufike ku chitseko, ku miyendo, ku zitsulo za m'mbali mwa galasi ndi ku chitsulo chopingasa chakutsogolo. Ndi mita yake ayeze ngati malo onsewa akulumikizanadi ndi dzino lalikulu la pulagi. Ayezenso soketi ya pakhoma, chifukwa nyumba zina zili ndi masoketi a mabowo atatu koma waya wa ethi sanafikemo. Magetsi athu ndi a mavolti 230, pomwe makina opangira msika wa ku America amayembekezera 120, ndiye aonenso mmene thiransifoma inalumikizidwira ndi kukula kwa fyuzi yake.

Ngati adzukulu amavutika ndi kuponya ndalama, makina oterewa alibe mabatani osinthira, koma m'bokosi lakumwamba muli gudumu lowerengera masewera olipiridwa. Gudumulo likafika pa ziro limatsegula switchi imene imaletsa kuyamba masewera. Mmisiri akaipinda pang'ono kuti izikhala yolumikizana nthawi zonse, batani loyambitsira lizigwira ntchito popanda ndalama, ndipo chitseko sichizitsegulidwa kawirikawiri.

Funso

Amisiri, ana anga amakhalira pinball mpaka kuiwala za sukulu. Ndikufuna kuti makinawo azifuna ndalama kuti ndizitha kuwayezera nthawi, koma ndikaponya K10 yachitsulo imangobwerera m'kabowo ka pansi. Kodi chitseko chawonongeka?

Wowerenga wa ku Chipoka, Salima

Yankho

Bambo, kubweza kumeneko kukusonyeza kuti chosankhira ndalama chikugwira ntchito yake. Kuseri kwa mpata uliwonse kuli kabokosi kopyapyala kamene kanapangidwira ndalama imodzi yokha. Ndalama ikalowa imagwera pa kachitsulo kopendeka kamene kamayesa kukula ndi kulemera kwake, kenaka imagudubuzika pafupi ndi maginito amene amagwira kapena kuchedwetsa zitsulo zosayenera, ndipo yokhayo imene yapambana mayeso onse ndi imene imakankha kawaya ka switchi n'kugwera m'bokosi. Makina ochokera ku America nthawi zambiri amafuna ndalama ya masenti 25, imene m'mimba mwake ndi mamilimita 24.26 ndipo imalemera magalamu 5.67. Ochokera ku South Africa amafuna ndalama za randi. Ndalama zathu za K1, K5 ndi K10 zili ndi miyeso yakeyake, ndiye zimabwezedwa.

Yang'anani pakabokosiko kapena pa kapulasitiki kowala ka kutsogolo, mudzaona palembedwa ndalama imene kamalandira. Pezani ndalama zoterozo zochepa chabe, kwa achibale oyenda kunja, kapena tizitsulo tamasewera ta muyeso womwewo, muzizisunga inuyo n'kumagawira ana monga mwaonera. Madzulo mutsegula chitseko n'kuzitenganso m'bokosi. Tizitsulo ta matebulo a puulu mungatiyese, koma musatikakamize ngati tikukana kulowa, chifukwa tikakodwa mkati mudzafunika kumasula zonse.

Ngati ngakhale ndalama yoyenera ikukodwa, kabokosiko kada. Kamachoka mosavuta mukamasula tizitsulo timene timakagwira. Katsukeni ndi madzi ofunda ndi sopo, mugwiritse ntchito mswachi wakale, muchotse fumbi ndi dothi la mavu, ndipo kaume bwino musanakabwezere. Mafuta kapena girisi musapakemo, chifukwa amakoka fumbi ndipo ndalama imasiya kutsetsereka. Kenaka kankhani kawaya ka switchi ndi chala, makina ali oyaka ngati ndi amakono, muone ngati akuwerenga. Akapanda kuwerenga, vuto lili pa switchiyo kapena pa waya wake. Muonetsetsenso kuti masewera aulere ndi ozimitsidwa m'gawo la Pricing Adjustments lija, ndipo kiyi wa chitseko azikhala ndi inu, chifukwa mwana akadziwa batani lopereka masewera aulere kuseri kwa chitseko sadzafunanso ndalama zanuzo.